Mmene mungajambulire moyo wa masiku ano ndi pensulo, potengera luso la Paul Cadden

Paul Cadden ndi wojambula wa ku Scotland yemwe anabadwira mumzinda wa Glasgow mu 1964. Zithunzi zake zambiri ndi za pensulo, koma ukaziona koyamba umachita kulumbira kuti zatengedwa ndi kamera. Zomwe amajambula si zachilendo ayi: nkhalamba ya makwinya, munthu akusuta fodya utsi uli tolotolo, madzi akuyenderera pankhope, anthu ndi magalimoto m'misewu ya m'tauni. Chithunzi chimodzi chimamutengera masabata 3 mpaka 6, moti pachaka amamaliza zowerengeka chabe. Luso la mtunduwu amalitcha hyperrealism, ndipo alipo enanso odziwika nalo, monga Kelvin Okafor wa ku London, wobadwa mu 1985 kwa makolo a ku Nigeria, ndi Arinze Stanley wa ku Lagos, wobadwa mu 1993, yemwe amaphatikiza pensulo ndi makala.

Chomwe chimandigwira mtima pa ntchito ya Cadden n'chakuti amataya masabata athunthu pa zinthu zomwe anthu amangozidutsa tsiku ndi tsiku osacheuka. Kwathu kuno ambiri akayamba kujambula amathamangira nyumba ya udzu, mlambe, bwato panyanja dzuwa likulowa, poti ndi zomwe alendo amagula. Sindikuzinyoza. Koma mdzukulu wathu akadzafuna kudziwa mmene tinkakhalira, adzafunanso kuona wakabaza ali pa siteji, foni yosweka galasi, jumbo yokodwa pa waya, tchaja yomangidwa ndi selotepi. Choncho m'malangizowa titenga chithunzi chimodzi n'kuyenda nacho mpaka kumapeto: wakabaza atakhala pa njinga yake yamoto, akuyang'ana foni podikira kasitomala. Njira yake ndi yomweyo ngakhale mutasankha mayi wogulitsa mayunitsi kapena kondakitala wa minibasi akuwerenga ndalama.

Sitepe 1: Dziwani pensulo yanu

Chakuda chomwe chili m'kati mwa pensulo ndi graphite wosakaniza ndi dongo. Graphite wambiri anapezeka ku Borrowdale, kumpoto kwa England, m'zaka za m'ma 1500, ndipo mu 1795 Mfalansa wina, Nicolas-Jacques Conté, anatulukira njira yomupera, kumusakaniza ndi dongo n'kumuwotcha. (Mwala womwewu uliponso pansi pa nthaka m'boma la Lilongwe, cha ku Malingunde ndi ku Kasiya.) Mbiriyi ndi yomwe ikufotokoza zilembo zomwe mumaona kumapeto kwa pensulo. Dongo likachuluka, pensulo imakhala yolimba ndipo imalemba mbuu: imeneyo ndi H, 2H, mpaka 9H. Graphite akachuluka, imakhala yofewa ndipo imada: B, 2B, mpaka 9B. HB ya kusukulu ija ili pakati.

Simukufunika zonsezo. Pezani 2H, HB, 2B, 4B ndi 6B. Ndalama zikavuta, HB ndi 4B zokha zingakufikitseni patali. Za makampani a Staedtler kapena Faber-Castell sizithyokathyoka m'kati ndipo mulibe timiyala tokanda pepala, koma pensulo iliyonse muziyamba mwaiyesa pa kapepala kapadera.

Pepala ndiye musalipeputse. La fotokope lija ndi la 80 gsm (gsm ndi muyezo wa kulemera kwa pepala), ndi lopyapyala, ndipo mukafufuta kawiri katatu limayamba kunyenyeka. Ndi labwino poyeserera basi. Chithunzi chenicheni chimafuna pepala lokhuthala, la 160 gsm kupita m'mwamba, losalala koma losanyezimira. Lonyezimira siligwira graphite. Onjezerani rula, labala yoyera yomwe mudzaidula ndi lezala kuti ikhale ndi msonga, thonje pang'ono, bolopeni yotha inki, ndi thabwa losalala loikapo pepala. Mukapeza chofufutira chofewa chija chomwe munthu amachiumba ndi zala, gulani, chifukwa chimanyamula graphite osakanda pepala. Pensulo zofewa muzisongola ndi lezala, kusiya msonga wautali, kenako kuunola pa sandipepa.

Sitepe 2: Pitani kwa munthuyo, mupemphe

Musabe chithunzi cha munthu. Pitani pa siteji, perekani moni, fotokozani: "Achimwene, ine ndimajambula zithunzi ndi pensulo. Ndimafuna ndikujambuleni mutakhala pa njinga yanuyi momwe mwakhaliramu. Ndikamaliza ndidzakuonetsani." Muonetseni chithunzi chimodzi chomwe munamaliza kale, chifukwa ambiri amakayikira kuti mwina mukufuna kuwaseketsa pa Facebook. Akakana, thokozani n'kupita kwina. Akavomera, ambiri amawongoka n'kumwetulira molunjika kwa inu. Chezani naye kaye, asiyeni abwerere ku foni yawo, mapewa agwe, mwendo umodzi utsamire pansi. Chimene mukufuna ndi chimenecho.

Nthawi yabwino ndi m'mawa dzuwa lisanakwere kwambiri, kapena madzulo cha m'ma 4 koloko. Nthawi imeneyo kuwala kumachokera mbali imodzi, ndipo nkhope imagawika bwino, uku kowala uku kwa mthunzi. Dzuwa la paliwombo limaponya mdima m'maso ndi kunsi kwa mphuno, nkhope n'kuoneka yophwatalala.

Cadden amayambira pa zithunzi za kamera, inunso teroni osachita manyazi. Koma foni ili ndi khalidwe lake: mukayandikira kwambiri, chomwe chili pafupi chimakula mopitirira, tayala lakutsogolo n'kuoneka lalikulu kuposa munthu. Bwererani m'mbuyo mamita 3 kapena 4 n'kukokera chithunzicho pafupi. Tengani chimodzi cha zonse, kenako zina zapafupi: manja atagwira foni, nkhope, injini, nsapato. Musachoke musanajambule pamanja kwa mphindi 10 mu kope yanu, ngakhale zioneke zokhotakhota. Maso amaona zomwe kamera imameza, makamaka m'malo a mthunzi.

Sitepe 3: Sankhani zolowa ndi zotsala

Kunyumba, sinthani chithunzicho pa foni chikhale chakuda ndi choyera. Kenako jambulani timabokosi 3 kapena 4 tating'ono pa pepala la fotokope, m'kati mwake muyeserere mwachangu: munthu akhale pakati kapena chakumbali? Njinga ioneke yonse kapena idulidwe? Kumbuyo kukhale khoma kapena msewu?

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa poyeretsa chithunzi. Amachotsa chingwe chomangira katundu, nambala yolembedwa ndi penti pa jekete, selotepi ya pa galasi, matope a pa tayala, poganiza kuti zikuipitsa. Zimenezo ndiye moyo wa munthuyo, zisiyeni. Zoyenera kuchotsa ndi zomwe zikusokoneza diso popanda kunena kanthu, monga mtengo wa magetsi womwe ukuoneka ngati wamera pamutu pake, kapena munthu wodutsa yemwe waoneka theka.

Sitepe 4: Samutsirani chithunzi pa pepala

Njira yogawa chithunzi ndi pepala m'timabokosi n'kukopera bokosi ndi bokosi ndi yakale. Albrecht Dürer wa ku Germany anaifotokoza m'zaka za m'ma 1500, ndipo Chuck Close wa ku America ankajambula nayo nkhope zikuluzikulu. Sindikizani chithunzi chanu chikhale masentimita 10 m'lifupi ndi 14 m'litali, mulembepo mizere yotalikirana masentimita 2. Mupeza timabokosi 35. Pa pepala la A4, lomwe ndi masentimita 21 kwa 29.7, lembani mabokosi a masentimita 4, ndipo chithunzi chanu chidzakhala cha 20 kwa 28. Gwiritsani ntchito 2H kapena HB, mopepuka kwambiri moti mzere uzingooneka movutikira. Mukadinikiza, pepala limatsala ndi ngalande yomwe idzaonekere mpaka kumapeto.

Tsopano yendani bokosi ndi bokosi. Musadziuze kuti "ndikujambula dzanja". Dzifunseni kuti mzerewu walowera pati m'bokosili, ndipo watulukira pati. Yambani ndi zazikulu: msana, mutu, miyendo, matayala, thanki ya mafuta. Zala, masipoko ndi zilembo zidikire.

Malo awiri amafuna chidwi. Loyamba ndi matayala: njinga ikapendekera kwa inu ngakhale pang'ono, tayala silikhalanso lozungulira ndendende, limaphwatalala m'mbali, ndipo mutu wanu udzakukakamizani kulizunguliza. Khulupirirani mabokosi. Lachiwiri ndi nkhope. Munthu akayang'ana kutsogolo, maso ake amakhala pakati penipeni pa mutu, osati m'mwamba monga ambiri amawaikira. Koma wakabaza wathu wawerama, choncho pamphumi ndi pamwamba pa mutu pakuoneka kwambiri, mphuno yafupika, chibwano chabisala, ndipo makutu akuoneka okwera kuposa maso. Mukakhutira, fufutani mizere ya mabokosi pamalo onse omwe adzakhale owala.

Sitepe 5: Kuwala ndi mdima

Apa ndiye pagona ntchito yonse, ndipo nthawi yanu yambiri ithera pano. Mukayang'anitsitsa zithunzi za Cadden mudzaona kuti m'mphepete mwa nkhope kapena mkono mulibe mzere wozungulira. Tsaya limathera pomwe mdima wakumbuyo wayambira. M'moyo weniweni munthu sayenda atazunguliridwa ndi mzere wakuda, n'chifukwa chake chithunzi chodalira mizere chimaoneka ngati katuni ngakhale miyezo yake ikhale yolondola.

Musanakhudze chithunzi, dulani kapepala kakatali ka mtundu womwewo, mukagawe zigawo 5. Chigawo choyamba chisiyeni choyera mbee. Chachiwiri pakani 2H, chachitatu HB, chachinayi 2B pamwamba pa HB, chachisanu 6B mpaka chide bii. Kapepalaka muzikayandikiza pa chithunzi chosindikizidwa chija kuti mudziwe kuti malo akutiakuti ndi a nambala yanji. Mudzadabwa kuona kuti malo ambiri omwe mumayesa oyera ndi a nambala 2 kapena 3. Zoyera zenizeni n'zochepa: kadontho ka pa galasi, mzere wonyezimira wa pa jekete, kamalo ka pa ekizozi pomwe dzuwa lamenya. Malo amenewo alembeni mozungulira mopepuka ndipo musawakhudze konse, chifukwa choyera cha pepala chikadetsedwa sichibwereranso mwakale ngakhale mufufute motani.

Tsinzinani pang'ono poyang'ana chithunzicho. Tizinthu tating'ono timasowa, n'kutsala zigamba zikuluzikulu za kuwala ndi mdima. Pezani malo akuda kwambiri: kunsi kwa injini, m'kati mwa helemeti yokolekedwa pa chiwongolero, mthunzi wa pansi pa tayala. Yambani mwadetsako limodzi la malo amenewa, kuti zina zonse muziziyerekeza ndi ilo. Ophunzira ambiri amaopa 6B, ndipo chithunzi chonse chimathera pa nambala 2 ndi 3, chili mbuu.

Komabe mdimawo usabwere tsiku limodzi. Uli ngati mchere mu ndiwo: kuwonjezera n'kosavuta, kuchotsa ndiye ntchito. Gwirani pensulo chakumapeto, igone cham'mbali, muziyenda mozungulira timizere tating'ono tothithikana, osadinikiza. Pakani HB kaye, sisitani ndi thonje mopepuka, bwerezani ndi 2B molowera mbali ina, sisitaninso, kenako 4B pomwe pakufunika. Malo amodzi angafune kubwerezedwa ka 5 kapena ka 6. Mukathamangira kudinikiza 6B mwamphamvu, timabowo ta pepala timaphwanyika, graphite n'kuyamba kunyezimira ngati chitsulo, ndipo pamenepo sipalandiranso kanthu.

Chala musasisitire. Khungu lili ndi mafuta, ndipo mafutawo amagwira graphite n'kusiya banga lomwe silichoka. Pa malo aakulu gwiritsani ntchito thonje, pa malo opanikizika kulungani kapepala kofewa mothina mpaka kakhale ndi msonga. Ikani pepala loyera pansi pa dzanja lanu nthawi zonse. Wolemba ndi dzanja lamanja ayambire pamwamba chakumanzere kutsikira kumanja, wamanzere atembenuze.

Kumbuyo kujambuleni msanga, musasiyire kumapeto. Khoma kapena sitolo ya kuseri ikhale yofewa, yosaoneka bwinobwino, m'mphepete mwa zinthu mosisitidwa. Zakuthwa zonse zisungireni munthu ndi njinga, ndipo diso lidzapita kumeneko lokha.

Sitepe 6: Chinthu chilichonse ndi khungu lake

Khungu la munthu wakuda padzuwa ndi lokoma kujambula, koma limafuna kuleza mtima. Silikhala lakuda mofanana paliponse. Yang'anani nkhope ya wakabazayo: pamphumi pali chigamba chowala cha thukuta, pamsana pa mphuno pali kamzere kowala, pamwamba pa tsaya lomwe layang'ana kudzuwa pakuwalanso. Kuchokera pamenepo mdima umabwera pang'onopang'ono mpaka kufika pakuda kwambiri, komwe nthawi zambiri sikukhala m'mphepete mwenimweni mwa nkhope. M'mphepetimo mumawalako pang'ono chifukwa cha kuwala kobwerera kuchokera pa jekete kapena pansi. Kakuwala kameneka, kunsi kwa chibwano ndi kuseri kwa tsaya, ndi komwe kamapangitsa mutu kuoneka wobulungira. Musakawalitse kwambiri: kakhale kakuda kuposa malo aliwonse a mbali yadzuwa. Mukamaliza kupaka, umbani chofufutira chofewa chikhale ndi msonga, muzigogoda nacho pamphumi ndi pamphuno kuti mutulutse timadontho ta thukuta. Kenako ndi HB yakuthwa ikani kamthunzi kakang'ono kunsi kwa kadontho kalikonse.

Makwinya a pamphumi ndi a m'zala musawajambule ngati mzere umodzi wakuda. Khwinya lililonse lili ndi mbali yakuda ndi mbali yowala zogundizana, ndipo limazimirira kumapeto. Tsitsi lalifupi musaliwerenge limodzilimodzi. Pakani mdima wonse kaye, kenako timizere topota ndi 4B, n'kunyamula kuwala pang'ono pamwamba pa mutu.

Chitsulo chonyezimira, monga ekizozi ndi chiwongolero, chimafuna zosiyana ndi khungu. Apa choyera mbee chimagundana ndi chakuda bii popanda kusisita, m'mphepete mwakuthwa. Jambulani zigambazo momwe zikuonekera ngakhale zisamveke, chifukwa ndi zithunzi zopotoka za thambo, msewu ndi mwendo wa mwini njinga. Tayala ndi losanyezimira: 4B wopaka mofewa, fumbi lake mulinyamule ndi thonje loyera. Masipoko alembeni komaliza ndi rula ndi pensulo yakuthwa.

Foni ndi yaing'ono koma ndi pomwe pali nkhani yonse, chifukwa maso a munthuyo ali pamenepo. Ming'alu ya pa galasi ili ndi njira yake: musanapake, tengani bolopeni yotha inki ija mulembe nayo ming'aluyo modinikiza, kenako pakani 2B pamwamba pensulo itagona. Graphite sadzalowa m'ngalandemo, ndipo ming'alu idzatuluka yoyera, yopyapyala kuposa momwe labala ingachitire. Njira yomweyi imathandiza pa ulusi wosomoka wa jekete ndi ndevu za imvi. Onetsetsani kaye pa kapepala kena kuti inki inatheratu. Samalaninso chala chachikulu: pomwe chadinikiza galasi chimaphwatalala pang'ono, ndipo chikhadabo chili ndi kuwala kwakekwake.

Zilembo za pa jekete zimatsata mapindidwe a nsalu. Pomwe nsalu yapindika, chilembo chimadukiza kapena kubisala theka. Mukazilemba mowongoka ngati za pa chikwangwani, jekete yonse imaoneka ngati katoni.

Sitepe 7: Imani, yang'anani patali

Pakatha mphindi 30 zilizonse, imikani chithunzicho pakhoma n'kubwerera m'mbuyo mamita 2 kapena 3. Chiyang'aneninso pa kalirole, kapena chizondotseni pamodzi ndi chosindikizidwa chija. Diso lomwe lazolowera cholakwika limachiona msanga chikatembenuzidwa: phewa lokwera, diso limodzi lotsika, tayala lopendama. Mukaganiza kuti mwamaliza, chibiseni mpaka m'mawa mwake. Mukachitulutsa, nthawi zambiri mudzaona kuti malo akuda akufunika kudetsedwanso, poti kusisita kumachepetsa mphamvu yake. Bwerezani 6B pamenepo, yeretsani malo owala ndi msonga wa labala, lembani dzina lanu ndi chaka pakona ndi HB.

Chithunzi cha A4 chojambulidwa motere sichitha madzulo amodzi. Gawani ntchito: lero nkhope, mawa manja ndi foni, mkuja injini. Muzigwira ntchito masana pafupi ndi windo, chifukwa kuwala kwa babu kumanyezimiritsa graphite n'kukunamizani.

Sitepe 8: Kusunga ndi kuonetsa

Graphite sauma ngati penti, amangokhala pamwamba pa pepala, moti chilichonse chokhudza chimamufufuta. M'masitolo a zojambula mumapezeka mankhwala opopera otchedwa fixative: poperani panja, muli patali masentimita 30, mopyapyala kawiri. Ena amapopera mankhwala a tsitsi, koma amenewo amasintha pepala kukhala lachikasu pakapita nthawi, choncho musawayese pa ntchito yomwe mwaivutikira. Fixative akasowa, phimbani chithunzicho ndi pepala loyera losalala, muchiike pakati pa makatoni awiri olimba, chigone chafulati pamalo ouma, kutali ndi khoma lachinyezi ndi chiswe. Mukachiika mu felemu, pakhale kampata pakati pa galasi ndi pepala.

Pochijambula ndi foni kuti muike pa intaneti, tulukani nacho pakhonde pomwe pali mthunzi, zimitsani fulashi, ndipo foni ikhale moyang'anizana ndendende ndi pepala kuti m'mbali musapendame. Musanachiike pa Facebook kapena pa WhatsApp, bwererani pa siteji paja monga munalonjezera, mumuonetse mwini wake, mumufunse ngati akulola kuti anthu achione. Mutengereni kope yosindikizidwa pa pepala lokhuthala, mutaiika mu envelopu kapena mu pulasitiki kuti isanyowe akamapita nayo kunyumba pa njinga.